A Dixon Agona pa Namiwale

Malemu amene tawasonkhanira pano ndi a Dixon Malizani Kamphonje. Anabadwa m'chaka cha 1900, malinga ndi kuwerenga kwa aphunzitsi. Mayi awo, a Teleza Nachisale, amene ayika mbiri ino, amangodziwa kuti inali nyengo yodula mapira, chiperoni chili mbuu phiri lonse. Kwawo ndi konkuno, m'mudzi mwa Mphedzu, m'nthiti mwa phiri la Thyolo, dera la a Changata. Amwalira dzana, m'chaka chino cha 1934. Owerenga awerenge monga zayikidwira, asadumphe mawu chifukwa cha manyazi. Manyazi ndi a mwini mwana, ndipo mwini mwanayo anathana nawo kale.

Ambiri mwabwera mukunong'onezana m'njira kuti bwanji dzenje lakumbidwa kuno ku kasupe wa Namiwale, pamene manda a mudzi ali kutsidya uko. Ena mwati mayi awo apenga ndi chisoni. Sanapenge. Taonani mitengo yatizungulirayi. Uliwonse uli ndi mzere wa njereza m'chiuno. Anaupaka ndi malemuwa, ndi dzanja lawo, kuti nkhwangwa za ku esiteti zikabwera Lolemba likudzali zisasokere. Mitengo imeneyi ikagwa madzi awa aphwa, ndipo m'mudzi muno mulibenso ena. Ndiye khalani pansi mumve, ndi inu omwe a ku esiteti amene mwaima kumbuyoko ngati mukudikira belu.

Dzina la Malizani anapatsidwa chifukwa anzawo obadwa patsogolo anapita onse ali makanda. Makolo anatopa, n'kuiuza imfa kuti itenge ndi uyu yemwe. Imfa siinamve. Bambo awo, a Kamphonje, anali mkamwini wochokera kuchigwa, wosema mitondo ndi mipini, munthu wosachuluka mawu. Mtengo ankauzungulira mpaka dzuwa kupendeka asanauike nkhwangwa, ndipo akaudula ankasiya chitsa chachitali kuti chiphukire. Anapita ndi chimfine chachikulu chija chinabwera nkhondo itatha. Mwayi wawo, sanaone zimene mwana wawo anadzachita ndi mipini imene anamusiyira.

Ana a masiku ano mukamva kuti phiri mumayesa chitunda chometedwachi, chimene chavala tiyi ngati mutu wa msilikali. Malemuwa anakulira m'phiri lenileni. Kuchoka pakhomo pa mayi awo kukafika pamwamba munthu ankayenda mumthunzi wokhawokha, dzuwa n'kumangolimva kuti lilipo. Mibawa inali yoti amuna kugwirana manja osaizinga. M'makhwawa munali mikundi, akatope ndi misopa, zingwe za mpira zili lendelende, anchima akudumpha m'menemo, nkhulukulu zikulira ngati zikukangana za chuma cha masiye. Pamtunda pouma panali milombwa ndi misuku. Nyengo iliyonse inali ndi chake: maula, masuku ali mbwee pansi, nthudza, mapoza, bowa wa utale wofika ngati lichero. Mwana sankalirira mayi wake chakudya cha masana. Nsungwi tinkadula kuseri kwa nyumba, miwale inkatipatsa zitseko ndi makwerero. Chisoso, luni ndi denje zinkadzibweretsa zokha m'munda, ife n'kumangothyola. Anyani ndi nguluwe ankaba, inde, ndipo nyalugwe ankatenga mbuzi. Koma mbala zimenezo zinkatenga zokwana mimba yake n'kubwerera. Sizinkabwera ndi pepala.

Madzi tinali nawo pawiri. Kumunsi kunali mtsinje wa Nankhanu, wochapako ndi kusambako, kumene ana ankagwira nkhanu pansi pa miyala. Kumtunda kuno ndiye Namiwale, wakumwa. Kuno sikubwera mphika wamwaye, sikuchapidwa thewera, sikuthyoledwa ngakhale kamtengo kotsukira mano. Amatunga ndi chikho, mwakachetechete, n'kumapita. Malamulo amenewa sanawalembe munthu ndipo palibe anawaswa, ngakhale chidakwa.

Pa ubwana wawo malemuwa sanali a khasu. Mpini unkawawotcha m'manja. Akatumidwa kukaingitsa anyani, ankagona pamsanja, anyani n'kudya chimanga mpaka kusiya zitsononkho pansi pa msanja womwewo. Koma mutu unalipo, pamenepo tisaname. Njanji itafika ku Luchenza mayi awo ankapita kumeneko ndi nthochi, masuku ndi malichero, ndipo mwanayu ankatsata. M'njira monse ankafunsa mitengo, mayi awo n'kumawauza: uwu ngwa thabwa, uwu ngwa mankhwala a m'mimba, uwu sudyedwa ndi chiswe, uwu ukauona dziwa kuti pansi pali madzi. Ankangomva kamodzi basi. Mayi awo ankayesa akudzaza nkhokwe, osadziwa kuti akunolera mlendo mpeni.

Sukulu anayamba mano atatha kuguluka, ku mishoni ya kutsidya, ndipo anakafika Sitandade 2. Anabwerako ndi dzina la Dixon, kuwerenga m'Chingerezi ndi mphuno yokweza. Nkhanu anasiya kudya. Bowa anasiya, ati ndi chakudya cha anthu a mumdima. Koma m'nyumba mukaphikidwa nkhuku, mdimawo sankauona.

Nthawi imeneyo mzungu anali atafika kale, amene ife timamutcha Bwana Tsabola, wofiira nkhope ndiponso wowawa. Anabwera ndi pepala lonena kuti phiri lonse analigula, ndi ife tomwe m'kati mwake ngati nsabwe za m'nsanza, ndipo kuti wofuna kugona m'nyumba yake yomwe azigwira thangata. Nkhondo ya Jeremani itavuta, anyamata a m'mudzi muno anatengedwa kukasenza akatundu, ena sanabwerere. A Dixon sanapite. Anali atapeza kale ntchito yonyamulira Bwana Tsabola mfuti ndi ambulera. Mzunguyo m'nkhalango anali wakhungu, sankasiyanitsa mbawa ndi mpapaya. Amene anamutsegula maso ndi malemuwa. Anayenda naye khwawa ndi khwawa, akumulozera zonse zimene anaziphunzira kumbuyo kwa dengu la mayi awo. Malipiro ake anali jombo, chisoti ndi wezulo, ndipo m'chaka cha 1921 anakhala kapitawo wa gulu la nkhwangwa. Akuluakulu anati galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Mawuwo sitiwonjezera.

Anayamba ndi milombwa, kenaka mibawa. Macheka analira m'phiri muno chilimwe ndi dzinja. Matabwa ankatsika pa ngolo ya a Asumani kupita ku siteshoni, zotsala n'kuziyatsa moto, utsi uli tolotolo mpaka nkhuku kumalowa m'khola masana. A Asumani ali pano, akhala uko ndi kofiya wawo. Ndi munthu wouma dzanja pamalonda, mayi a malemu akuwadziwa bwino, akhala akukangana nawo pa mtengo wa mchere kuyambira ali atsikana. Koma iwowo ndi amalonda, ndipo si a kuno. Sanayamwe m'phiri muno. Podulapo mzungu anadzala fodya, fodya atamukana anadzala tiyi. Tiyi ameneyu mbuzi imangomununkhiza n'kupitirira. Alibe chipatso choti mwana atole, alibe mthunzi woti nkhalamba ipume. Ndi mtengo woletsedwa kukula, ukangotukula mutu amaudula. N'chifukwa chake amagwirizana ndi makapitawo.

Pa ntchito malemuwa anali okhulupirika, zimenezo a ku esiteti akadanena akadapatsidwa mpata, ndiye tanena ndife kuti asavutike. Anali okhulupirika moti malume awo enieni, a Yesaya, eni mbumba ino, anawaimika padzuwa chifukwa chochedwa ku thangata. Tsiku lina anakumana ndi mayi awo akuchokera kokatola nkhuni m'malire mwa tiyi. Anawalanda mtolo ndi chikwanje, pamaso pa gulu lonse, ati lamulo lilibe mayi. Mayi awo sanalire. Anawauza kuti nkhunizo asunge, koma chikwanje n'cha bambo awo, ndipo sachoka pamenepo mpaka chibwere. Anakhala pansi pakati pa msewu, ngolo ya a Asumani n'kulephera kudutsa. Chikwanje chinabwera.

M'chaka cha 1923 anakwatira a Salome, mwana wa Alomwe amene anaoloka malire kuthawa chikoti cha Apwitikizi n'kudzapeza china kuno. Mwamuna weniweni amapita kuchikamwini, amamanga nyumba, amalimira apongozi ake, anthu n'kuona msana wake. A Dixon anati kapitawo sangagwadire nkhalamba imene amailizira wezulo m'mawa. Anatenga mkazi n'kukamuika kumalayini, m'kanyumba ka mzungu, kopanda nkhokwe, kopanda dzala, kopanda ngakhale phata la nthochi kuseri. Apongozi awo khasu la mkamwini wawo sanalione mpaka lero. A Salome alibe mlandu. Mayi a malemu poyamba sanawafune, ndipo sabisa, koma mkazi amene amadziwa kuphika nyemba zaululu za kalongonda osapha munthu, n'kumapirira mwamuna wovala jombo pamphasa, ndi mkazi ndithu. Mulungu anawapatsa ana, ndipo anawo sanasankhe bambo.

Tsopano za bulugamu. Fakitale ya tiyi imadya nkhuni kuposa ng'anjo ya njerwa, ndipo mitengo ya m'phiri itayamba kuchepa mzungu anaitanitsa mbewu ya mtengo wakwawoko. Anauza a Dixon kuti apeze malo achinyezi odzalapo. A Dixon, pofuna kuonetsa kuti phiri amalidziwa, anasankha mutu wa Nankhanu, pamene madzi amatulukira. Anagwetsa akatope onse a pamenepo n'kudzala bulugamu m'mizere. Ankabwera nawo anthu kudzawaonetsa, ati onani mtengo wophunzira, wowongoka, wokula msanga, osati yathu yokhotakhotayi. Amayi anawauza kuti pansi pa mtengo umenewo sipamera ngakhale chisoso, ndipo chinthu chokula msanga chotero chimamwa kwambiri. Iwo anaseka, ati kodi mtengo uli ndi mmero? Sipanapite zaka zambiri, Nankhanu anayamba kuonda. Anasanduka kamkodzo, kenaka matope, kenaka gwaa. Nkhanu zinafera m'mauna. Lero ana amasewera mpira wa masanza m'mene amayi awo ankachapa. Atafunsidwa, malemuwa anati mvula ndiyo yachepa. Mvula ya ku Thyolo, imene imameretsa ndere ndi pamsana pa mbuzi.

Kutchalitchi ankapita, ndipo ankakhala kutsogolo. Ankaimba mokweza kuposa onse, makamaka pamene mzungu wa mishoni wabwera. Anaimitsidwapo kamodzi chifukwa cha kachasu, n'kubwezeredwa atapereka matabwa a mabenchi. Mabenchi amene mumakhalira aja, abale a mpingo, ndi mbawa wa pakhomo pa a Yesaya, umene ankaweruzirapo milandu ya mbumba. Muzikhalira bwino. Ndi kutchalitchi komweko kumene malemuwa anaimirira n'kunena kuti malamulo a ku Namiwale ndi achikunja, madzi ndi madzi. Akulu a mpingo anavomera ndi mitu, n'kutuluka kukamwa madzi omwewo.

Pali chinthu chimodzi chokha chimene nkhwangwa za Bwana Tsabola zimaopa. Mukaima pamwamba apo n'kuyang'ana pansi, muona tiyi ali see mpaka ku Boma, koma apo ndi apo pali kachilumba ka mitengo yakale. Tizilumba timeneto ndi manda. Si kuti mzungu ali ndi ulemu. Chaka china analamula kuti manda a mudzi wa kuseri uko adulidwe. Gulu la nkhwangwa linaika zida pansi. Atawaopseza ndi chikoti, anthu anamanga akatundu, Alomwe ndi Amang'anja omwe, n'kupita kwa mzungu wina. Othyola tiyi anatsata amuna awo. Tiyi anakula n'kukhwima ali m'munda, bwana wa ku Boma n'kubwera kudzafunsa chimene chathamangitsa anthu a msonkho. Kuyambira pamenepo Bwana Tsabola akamva kuti pali manda amazungulira patali ngati galu amene anapsapo ndi phala. Tsiku lokadula mandalo malemuwa sanaoneke ku ntchito, ati dzino linawagwira. Ndiye m'dziko muno wakufa ali ndi mthunzi, wamoyo alibe.

Chaka chino mzungu anati akufuna malo a mbande za tiyi pafupi ndi madzi, komanso nkhuni za fakitale, pakuti bulugamu wachiwiri sanakhwime. Malo otere atsala amodzi. Sanachite kufufuza, anali naye womulozera. Mwezi wathawu amayi akutunga kuno anangoona a Dixon atulukira ndi chitini cha njereza, n'kuyamba kupaka mtengo ndi mtengo, miwale yomwe, imene siyaka n'komwe. Mayi awo anaitanidwa. Anafunsa mwana wawo kuti mudzi ukamwa kuti. Iwo anati bwana walonjeza kukumba chitsime kumalayini, anthu azikatunga kumeneko. Anawafunsa kuti nkhalamba idzatsika bwanji phiri lonseli ndi mtsuko n'kukweranso. Iwo anati amene sangathe asamuke. Kenaka anapukuta njereza m'manja, nati:

“Mayi, mtengo ndi nkhuni zimene sizinagwe. Musandichititse manyazi pamaso pa anthu anga.”

Mayi awo anayang'ana anthu awowo, amuna a nkhwangwa, onse maso ali pansi. Anatunga madzi awo n'kumapita.

Matenda anayamba sabata yomweyo. Kumalayini, chiphwereni Nankhanu, anthu amamwa m'dziwe lokumba limene lili kumunsi kwa zimbudzi, ndipo kapitawo amamwa momwemo, jombo sizisefa madzi. Anagwidwa ndi kamwazi. Kukachipatala ka pa esiteti anawapatsa madzi oyera a m'botolo n'kuwauza kuti abwere mawa. Mawa lake analephera kudzuka. Bwana amene anamunyamulira ambulera kuyambira ali mnyamata sanabwere kudzawaona, anangotuma uthenga kuti wezulo ndi chisoti apatsidwe a Leonard, mnzawo wa pa esiteti, ndipo nyumba ikufunika. A Salome anathamangira kuno. Amene anakawatenga malemuwa ndi anthu omwe aja ankawaimika padzuwa. Anawakweza phiri pa machira a miwale, opepuka ngati mtolo wa mapesi, n'kuwagoneka m'nyumba imene anabadwira.

Mankhwala a kamwazi kuno timawadziwa, ndi khungwa la mlombwa, lija limatuluka magazi ukalitema. Mayi awo anatenga chikwanje n'kukwera pamtunda pamene panali milombwa. Anapeza tiyi. Anapita kuseri, tiyi. Anapeza chitsa chimodzi chopserera, n'kukumba muzu, muzuwo uli fumbi lokhalokha. Anatsikira kwa a Asumani kukafunsa ngati pa ngolo panatsalira khungwa. A Asumani anafufuza m'shedi monse n'kupeza kachidutswa ka thabwa la mlombwa, kouma kalekale, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire sanatchule mtengo. Mayi awo anakapala thabwalo n'kuwiritsa, madzi n'kufiirira pang'ono ngati akunyoza. Anawamwetsa. Thabwa silichiza munthu.

Masiku otsiriza chilichonse chinkabwerera, phala, thobwa, tiyi yemwe amene a Leonard anatumiza. Chimene chinkakhala m'mimba ndi madzi a ku Namiwale okha. Ankawapempha ndi dzina, ati akhale ozizira, a m'chikho. Mayi awo ankabwera kudzatunga pansi pa mitengo yopakidwa njerezayi, n'kukawamwetsa ngati khanda. Dzana m'mawa ataona kuti maso alowa ndipo mapazi azizira, sanafune kuchita zinthu mobisa. Anawauza maso ndi maso kuti sakagona kutsidya ndi bambo awo, akagona ku Namiwale, pakhomo pa nkhalango, kuti malowo asanduke manda. Mayi awo ankayesa mwina mwana apepesa, kapena atchula ana ake. Malemuwa atatsegula pakamwa anati:

“Nanga bwana adzati chiyani?”

“Adzakuchotsa ntchito,” anatero mayi awo.

Malemuwa anaseka. Kuseka kwake kunali kwa Malizani, kuja ankaseka pamsanja anyani atamaliza chimanga, osati kwa kapitawo. Kenaka anati, “Chitani, mayi.” A Salome analipo, anamva. Dzuwa lisanafike pamutu anatisiya.

Musayese kuti dzenje ili lakumbidwa mosavuta. Oyamba kukana anali a Yesaya. Anati chiyambire dziko munthu saikidwa pamene anthu amamwa, ndiponso manda salowamo amayi ndi mitsuko m'mawa uliwonse. Mlongo wawo, mayi a malemu, anawatenga n'kudzawaonetsa malo: kumunsi kwa kasupe, kumbali, pamene nthaka imapendekera kwina, moti ngakhale mvula ya masiku angati madzi a pamenepa sangabwerere kumtunda. Amayi azidzera njira ya kumtunda, imene sidutsa pamanda. A Yesaya anati mizimu idzadabwa. Mlongo wawo anati mizimu idzadabwa kwambiri ikadzaona mbumba yonse yasamukira kuchigwa chifukwa cha ludzu, popanda wosesa pamanda akale aja. Anakangana mpaka a Yesaya anatopa, pakuti mlongo wawoyo satopa. Anapita limodzi kwa eni mudzi, mawu n'kumangidwa pamaso pa akuluakulu: kuyambira pa mkuyu uwo kukafika ku miwale ya kumtunda, onsewa ndi manda a mbumba ya Nachisale.

Kenaka anabwera a mpingo, ati Mkhristu aikidwe m'manda a tchalitchi, pakati pa anzake. Anauzidwa kuti nyimbo aimbe zonse zimene akufuna, pemphero apemphere lalitali, koma thupi analibereka si mpingo. Anati ndiye sabwera. Anafunsidwa kuti madzi obatizira adzatunga kuti chaka chamawa. Abwera, ndi awo akhala apowo.

A ku esiteti nawo anatumiza bokosi la matabwa a bulugamu, ndi mawu akuti malo alipo kumanda a kumalayini. Bokosilo talandira. Mtengo umenewo anaukonda, agone nawo, ndipo kumeneko sukamwanso madzi a munthu. Malowo tabweza.

Chotsiriza ndi ichi, ndipo a Leonard mutchere khutu, inu mwavala chisoti chimene thukuta la mnzanu silinaume. Adzukulu a maliro ano sanachokere m'mudzi muno monga mwa nthawi zonse. Mayi a malemu anatsika okha kumalayini n'kukapempha gulu la nkhwangwa, mmodzimmodzi, kuti kapitawo wawo amuike ndi manja awo. Ena anakana, ati anatizunza. Anauzidwa kuti ndiye bwerani mudzatsimikize kuti dzenje lakuya. Anabwera onse. Akumba ndi iwo, dothi la manda ano lili m'zikhadabo zawo, nkhuku ya adzukulu adya, ndipo posachedwapa atsitsa bokosi n'kukwirira. Tsono Lolemba mukalize wezulo wanuyo, muwauze amuna amenewa kuti akagwetse mitengo pamanda amene akumba okha. Mukaone ngati pakapezeke wonyamula nkhwangwa. Mukamuuze Bwana Tsabola kuti kapitawo wake wamupezera malo achinyezi monga anamutumira, ndipo wagonapo yekha. Akafuna kumuchotsa abwere ndi fosholo, ife tidzakhala pompano kuonerera.

Ndipo asayese kuti manda a munthu mmodzi adzaiwalika udzu ukamera. A Yesaya, amene anayamba ndi kukana, asankha kale pawo, pafupi ndi mkuyu, ati mawondo awo sangafikenso kutsidya. Mayi a malemu atenga ngodya ya kumene kumachokera msewu wa ngolo, kuti aliyense wobwera ndi chitini cha njereza adzayambe wakumana ndi iwo. Amene anawalephera ali moyo asayembekeze kuti adzafewa ali pansi.

Inu amene mukulira mokweza kumbuyoko, chepetsani, tikudziwa amene anabwera kudzazonda matenda ndi amene abwera kudzaona ngati kuphedwe mbuzi. Mayi a malemu simuwaona akugubuduka pansi. Mwana wawo anayamba kumulira tsiku limene anabwera ndi jombo, ndipo misozi ya zaka zonsezo inatha. Yatsala ndi yochepa, ndipo si yoonetsa anthu.

Malemu a Dixon Malizani Kamphonje asiya mkazi wawo, a Salome, amene kuyambira lero akhala m'mudzi muno, ndipo munda wa nthochi wa kuseri kwa nyumba ndi wawo. Abale awo akafuna kudzawatenga adzayambe alankhula ndi apongozi awo. Asiya ana atatu, Edson, Jean ndi wakhanda amene watuluka m'chikuta posachedwapa, Lizzie. Asiya mayi awo, a Teleza Nachisale, malume awo, a Yesaya, alongo awo awiri ndi ana a alongo awowo, pamodzi ndi apongozi awo amene akudikirabe khasu. Asiyanso jombo, zimene wofuna atenge.

Zaka zonse za moyo wawo mudzi uno sunadyepo thukuta lawo. Ntchito yoyamba yogwirira kwawo ayamba lero, ndipo iyi sangaithawe ndi dzino. Adzukulu, nyamulani. Apumule mu mtendere, koma asagone tulo tofa nato ngati pamsanja paja ayi, ali pa ulonda.